Buku la CDG11 lili kale pankhope pa relay

Mtima wakhala m'malo tsopano pa nkhani ya ma relay akale a chimbale chozungulira. Ambirife timatha masiku tikusaka buku la CDG11 (relay yodula magetsi current ikapitirira muyeso) pa intaneti, ndipo kusakako n'kovutadi chifukwa wopanga wake wakhala akusintha maina: English Electric ya ku Stafford, kenako GEC Measurements, mu 1989 GEC Alsthom, mu 1998 Alstom, mu 2004 Areva T&D. Mu 2010 bizinesiyo inagawidwa pakati pa Alstom ndi Schneider Electric, ndipo gawo la Alstom linapita ku GE mu 2015. Mukasaka ndi dzina limodzi lokha mubwerako chimanjamanja. Yesani maina onsewo, ndipo koperani model number yonse, zilembo zakumapeto zomwe, poti ndi zimene zimasiyanitsa relay ya 1 A ndi ya 5 A komanso mmene mawaya amalumikizidwira mkati.

Koma chimene chanditsegula maso n'chakuti zambiri zimene timafuna m'bukumo zinalembedwa kale pa nameplate. Kamzere ka manambala kaja kamasonyeza masekondi pa PSM iliyonse (PSM ndi current yodutsa kugawa ndi setting ya relay), TMS (nambala yochulukitsira nthawi) ili pa 1. Pa PSM 10 mukaona masekondi 3, ndiye kuti ndi standard inverse (current ikamachuluka, nthawi imachepa) ya muyezo wa BS 142, yomwe mu IEC 60255 imalembedwa kuti t = 0.14 × TMS ÷ (PSM^0.02 − 1). Basi. Pa PSM 2 imatulutsa masekondi 10, pa 5 pafupifupi 4.3, pa 10 ndi 2.97. Chenjerani: pali CDG11 ina ya masekondi 1.3 pa PSM 10, kunja imaoneka chimodzimodzi.

Tengani CT (transformer yochepetsa current yopita ku relay) ya 400/5, pulagi yosankhira setting ili pa 75%. Setting ndi 300 A ku primary, 3.75 A ku relay. Fault ya 3000 A ikupereka PSM 10, ndipo TMS ikakhala 0.2 relay iyenera kutseka ma contact pa masekondi pafupifupi 0.6. Poyesa, lowetsani 7.5 A (PSM 2), dikirani masekondi 2. Ikafulumira, kawirikawiri maginito ogwira chimbale afooka. Ikachedwa kapena kumajejema, yang'anani tizitsulo tomata pampata wa maginito ndi litsiro la m'ma bearing. Ndipo lolani chimbale chibwerere mpaka kumapeto musanabwereze, apo ayi nthawi idzachepa mwabodza.

Kwa ine secondary injection, kuyesa relay polowetsamo current ndi test set, imaposa buku lililonse. Buku limanena za relay yongotuluka kufakitale, pamene test set imanena za iyi yakhala zaka makumi m'panelo ya 11 kV yafumbi. N'zokwiyitsa kuti m'kalasi aphunzitsi amatha teremu yonse pa formula ndi ma relay a numerical, osatiika pamaso pa chimbale ngakhale kamodzi, kenaka kuntchito ukumana nacho tsiku loyamba. Nthawi ya practical ndiyo imayamba kudulidwa mayeso akayandikira.

Buku limafunikabe pa nambala za ma terminal, burden (mphamvu imene relay imakoka ku CT), ndi kakonzedwe ka sipuling'i. Zimenezo osachita mongoganizira, poti kutsegula dera la CT pali load kumapha. Chimene ndikadasinkhasinkha ndi relay yopambana pa PSM 10 koma yochedwa pa PSM 2. Kuikonza, kapena kungoichotsa? Mbali zonse ziwiri ndikuziona zomveka.