Tsiku la 14 la masewera athu: lupanga la alamu anga ndi masamu a usiku

Loweruka lapitali tinakumananso kuno ku Ulongwe, ku Angónia, kupitiriza nkhani yathu ya Dungeons & Dragons, masewera a patebulo omwe aliyense amasewera ngwazi ya m'nkhani n'kumaponya madayisi. Tinali asanu, mawindo onse titatseka chifukwa cha chisanu cha June. Madayisi tili ndi seti imodzi yokha yomwe timangopatsirana, adani ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo ngwazi zathu ndi nyemba za mitundu inayi. Timatsata malamulo a 2014, ine n'kumawamasulira m'Chichewa, pena m'Chipwitikizi, n'chifukwa chake anzanga amangonditchula kuti mestre, dzina la Chipwitikizi la wotsogolera masewera.

Nkhani yomwe yandisowetsa tulo mwezi uno inayamba onse atafika levulo 4. Pamenepa wosewera amasankha pakati pa zinthu ziwiri: kuwonjezera 2 pa mphamvu imodzi ya ngwazi yake (kapena 1 pa mphamvu ziwiri), kapena kutenga luso lapadera, lomwe ife timati talento. Alamu anga ndi mphwanga onse amasewera ankhondo a lupanga lalikulu, ndipo onse anali ndi nyonga 16. Mphwanga anakweza nyonga kufika pa 18. Alamu anatenga Great Weapon Master, luso lolola kuchotsa 5 pa dayisi yomenyera kuti ukalasa mdani uwonjezere 10 pa bala.

Patatha masabata atatu mphwanga anandipeza ndikuchokera kumsika. "Achimwene, ndinasankha molakwika kapena masewerawa ngokondera? Alamu akangodzutsa lupanga mdani wagwa, ine ndimangotola zotsala." Zinandikhudza, chifukwa iyeyu ndi amene amafika woyamba, ficha yake, pepala la ngwazi yake, ili yolembedwa bwinobwino. Ndinatsala pang'ono kuletsa lusolo. Alamu atamva anangoti, "Alamu, musanandilande, kawerengeni kaye."

Ndinawerengadi, usiku wa Lachitatu, pa kope la masamu la mwana wanga. Dayisi yomenyera, ya mbali 20, njosavuta: nambala iliyonse ndi 5 peresenti. Mphwanga amawonjezera 6 pa dayisi, ndipo bala lake limakhala 11 tikatenga pakatikati. Alamu akagwiritsa ntchito luso lawo sawonjezera kanthu pa dayisi, koma bala lawo ndi 20. Tsono titenge mdani wa chitetezo 13, ngati chilombo chotchedwa orc; kuti umulase, dayisi ndi zowonjezera zako ziyenera kufika 13. Mphwanga amamulasa ka 70 pa 100, zomwe zikupereka 7.7 pa kumenya kulikonse. Alamu amamulasa ka 40 pa 100, zomwe zikupereka 8. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti patebulo simungakuone. Mdani akakhala wovala zitsulo, chitetezo 18 ngati chilombo chotchedwa hobgoblin, mphwanga amapeza pafupifupi 5, pomwe alamu amapeza 3 yokha, kapena 4 akasiya lusolo n'kumenya wamba.

Ndiye chisalungamo chimachokera kuti? Nditatsegula zolemba zanga ndinachipeza. Masewera atatu otsatizana ndinawaika m'manda akale odzaza ndi zombie, ndipo zombie chitetezo chake ndi 8 basi. Pamenepo alamu amapeza 13, mphwanga 10 ndi theka. Komanso ndinkalola lamulo lija losakakamiza lakuti awiri akazinga mdani uku ndi uku aponye madayisi awiri n'kutenga yaikulu. Lamulo limeneli limafafaniza chilango cha 5 chija pafupifupi chonse: pa orc yemwe uja alamu amakwera kufika 12.8, mphwanga n'kuima pa 10. Luso linalibe mlandu. Ndine amene ndinkapereka adani a mtundu umodzi okhaokha, sabata ndi sabata.

Choncho sindinalande aliyense kanthu. Lamulo lozinga ndinalichotsa, titagwirizana tonse tisanayambe, ndipo Loweruka ndinasakaniza adani: zombie zinayi pakhomo la linga, ma hobgoblin awiri mkati. Alamu anasesa pakhomo monga mwa masiku onse, koma atalowa anaphonya katatu motsatizana, mpaka anayamba kuganiza asanaponye ngati achotse 5 uja kapena ayi. Kuganiza kumeneko ndi kumene ndinkakufuna. Mphwanga ndiye anagwetsa mkulu wa ma hobgoblin, kenako chitseko chachitsulo chitakanika, nyonga yake ya 18 inachithyola. Sanalankhule zambiri, koma pochoka anafunsa ngati tingayambe msanga sabata ya mawa.

Mnzanga wosewera kazitape sindinamupatse mpata wokwanira, loko mmodzi yekha woti atsegule usiku wonse. Ndalemba kuti ndikonze.

Chomwe chikundidetsa nkhawa tsopano ndi levulo 5. Ankhondo adzayamba kumenya kawiri pa ulendo umodzi, koma mlongo wanga, yemwe amasewera wamatsenga, adzalandira Fireball, matsenga oponya moto: madayisi 8 a mbali 6, pafupifupi 28 kwa mdani aliyense amene moto wamupeza osauzemba, ndipo adzatha kuuponya kawiri asanagone. Malamulo anakonzedwa poganiza kuti gulu limakumana ndi nkhondo 6 mpaka 8 pa tsiku la m'nkhani, kuti matsenga azitha ankhondo akadali ndi mphamvu. Ife timasewera maola atatu okha, nkhondo ziwiri zikachuluka, kenako onse amafuna kugona n'kudzuka atadzaza. Zikapitirira chonchi, mlongo wanga adzatha nkhondo iliyonse ena asanasolole malupanga.

Ndikufuna kuyesa zoti kupuma kwathunthu, komwe kumabwezeretsa matsenga ndi mphamvu, kuzichitika pamudzi pokha, osati kutchire, ngakhale ulendo utenge masabata athu awiri kapena atatu. Ndamuuza kale mlongo wanga, chifukwa lamuloli limupweteka iye kuposa ena. Wavomera kuti tiyese masewera anayi, koma wapempha kuti pa mapu pakhale mudzi wina pakati pa linga ndi mtsinje. Ndaujambula dzulo.