Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kusamutsa code

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapita lija. Ofunsa za chinkhoswe cha ku Zomba, pepani, tifikako. Lero ndi za kuntchito.

Mukukumbukira kuti pakampani ija ya ku Blantyre, code yathu yonse inkakhala mu Subversion (mwachidule SVN), pulogalamu yosunga code ndi mbiri ya kusintha kwake, pa seva imodzi yokhala kunsi kwa tebulo la abwana. Vuto la SVN ndi loti seva ikazima, commit (kusunga zomwe wasintha mu mbiri ya code) palibe. Ndiye ganizirani mu 2017, magetsi akuchoka m'mawa n'kubwera usiku anthu atagona. Tinkangopatsirana mafayilo pa flash. Koma Git, pulogalamu ina ya ntchito yomweyo imene Linus Torvalds anailemba mu 2005, imasunga mbiri yonse pa laputopu ya aliyense. Umachita commit ngakhale uli kumudzi, push (kutumiza ku seva) n'kudzachita netiweki ikapezeka.

Abwana anavomera kuti tisamukire ku Git, koma anati, "Ingokoperani zomwe zilipo lerozi, zakalezo zisiyeni." Ine ndinakana. Ndinasankha njira yaitali ya git svn clone, imene imakoka revision iliyonse, kutanthauza kusintha kulikonse kosungidwa mu SVN, kuyambira yoyamba. Umatha kuipatsa fayilo ya mayina, yolumikiza dzina lalifupi la mu SVN ndi dzina lonse la munthu ndi imelo yake, ndipo ikakumana ndi dzina lomwe mulibe m'fayilomo, imaima pomwepo.

Mndandanda womwe a ku ofesi anandipatsa unali wa antchito omwe analipo panthawiyo basi. Usiku wina, ndili ndekha, jenereta ikulira panja, ntchito inaima. Nditayang'ana, dzina lomwe inakakamirapo linali la achimwene aja anandiphunzitsa ntchito, omwe ndinakuuzani za maliro awo ku Mulanje. Imelo yawo anali ataitseka kalekale, mpando wawo atakhalapo wina. Ndinatsegula log, mndandanda wa ma commit, n'kuyamba kuwerenga zomwe ankalemba. Ankasakaniza Chingerezi ndi Chichewa: "Ndakonza za malisiti, musagwirenso apa." Ndinawamva mawu awo enieni, ndi kaseka kawo kaja. Tiyi anazizira pa tebulo. Misozi inandivuta, osanama. Kenako ndinalemba dzina lawo lonse m'fayilo muja, ndi imelo yotsekedwayo, ntchito n'kupitirira.

Zotsalazo zinali zotopetsa chabe. Ma tag (zizindikiro za ma version) anabwera ngati ma branch (nthambi za code), ndinachita kuwakonza limodzilimodzi. Mafoda opanda kanthu anasowa, poti Git sawasunga. Za svn:ignore, mndandanda wa mafayilo osafunika kusungidwa, ndinazisamutsira mu .gitignore. Zaka zinapita, ine ndinachokapo.

Tsopano inu akulu a jekete lachikopa, ndikudziwa mumawerenga kuno ngakhale simuyankha. Munanena pamsonkhano, anthu onse akumva, kuti ndikutaya nthawi ya kampani ndi zinthu za akufa. Nanga malisiti atasokonekera chaka chatha, si inu munandiimbira usiku kufunsa mmene git blame, ija yoonetsa amene anasintha komaliza mzere uliwonse wa code, imagwirira ntchito? Dzina lomwe munalipeza pamzere uja mukulidziwa, ndipo anakuchenjezani kuti musagwirepo.