Manambala amene sanagwirizane

Sabata yoyamba ya mwezi ine sindiliona dzuwa. Ntchito yanga ndi yosunga ndi kusanthula ziwerengero ku ofesi ya zaumoyo ya boma lathu, ndipo Lolemba m'mawa tebulo linali litadzaza kale ndi mafomu ochokera m'zipatala zing'onozing'ono: a malungo, a sikelo ya amayi oyembekezera, a katemera wa ana. Zonsezi timazilowetsa mu DHIS2, pulogalamu yomwe inapangidwa ku yunivesite ya Oslo ku Norway. Abale anga kumudzi amati ntchito yanga ndi yotayipa basi. Sindiwatsutsa, poti n'zimene maso awo amaona.

Lachiwiri masana ndinaima pa fomu ya chipatala china cha kutali ndi msewu wa tala. Anthu amene analandira mankhwala a malungo a LA anali ochuluka kuposa amene anayezedwa magazi n'kupezeka ndi malungo. Kompyuta inachenjeza kuti pali cholakwika, koma siyinganene chomwe chachititsa. Mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito pa ofesi yathu anati, "Achimwene, tingochepetsako nambala iyi kuti zifanane." Mtima unandiwawa, koma sindinamukalipire, chifukwa palibe amene anamuuzapo kuti nambala iliyonse pafomupo ndi munthu amene anakhala pa benchi ali ndi kutentha thupi.

Ndinaimbira namwino wa kumeneko. "Amayi, fomu yanu ya malungo yandizunguza mutu. Mwina munasokoneza polemba?" Anayankha kuti sanasokoneze ayi. Zipangizo zoyezera malungo, zija timati mRDT, zinawathera pakati pa mwezi, ndiye adokotala ankapereka mankhwala poona zizindikiro zokha.

Lachitatu ndinakwera njinga yamoto kukadzionera ndekha, ndipo mnyamata uja ndinamutenga. Kaundula tinamupeza atapindika m'makona chifukwa cha chinyezi, ndipo pa masamba angapo danga lolembapo zotsatira za magazi linali mbee, lopanda kanthu. Khadi la katundu m'chipinda cha mankhwala linanena zomwezo. Mnyamatayo anatsata mzere uliwonse ndi chala, osayankhula.

Lachinayi magetsi anazima, choncho nkhaniyi ndinaifotokoza pa msonkhano wa akuluakulu a ofesi ndikuwerenga pa pepala lolemba pamanja. Oyang'anira mankhwala analamula kuti makatoni ena a mRDT achoke ku chipatala chomwe chinali ndi ambiri, apite ku chipatala chija.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti maphunziro amene timatumizidwako amakhala a kudina mabatani, pomwe nzeru yodziwa nambala yoyenera kuikayikira imangokhala m'mitu ya anthu ochepa akale pantchito. Wina akasamutsidwa, amapita nayo. N'chifukwa chake Lachisanu lonse ndinakhala ndi mnyamata uja, tikulemba m'kope chipatala ndi chipatala: komwe mlatho umaduka m'dzinja, komwe netiweki imavuta, komwe malipoti amachedwa ndi chifukwa chake. Pofika nthawi yoweruka tinali titalemba zipatala zisanu, zotsalazo tipitiriza Lolemba.