Zithunzi za chaka chathu choyamba chopuma pantchito

Usiku wathawu ndinatenga foni kuti ndifufute zithunzi zina, malo atha. Ndinapezeka ndangoti duu mpaka tulo kubalalika. Chaka chonse chili m'menemo.

Chimene ndinachiyang'anitsitsa ndi cha ku Victoria Falls. Ine ndi mayi akunyumba taima pamlatho uja womangidwa mu 1905, zovala zitanyowa ndi nthunzi, iwo atandigwira dzanja zolimba pomva mkokomo wa Zambezi, madzi akugwa mamita oposa 100. Zaka zonse ndili pantchito ndinkangowauza kuti "tidzapita, tidzapita", tchuthi n'kumathera pakhomo. Sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo n'zimene zinandigwetsa misozi pamlatho paja.

Kupitirira pang'ono, pali ukwati wa mwana wathu womaliza. Kenako kamdzukulu kathu koyamba kali m'manja mwanga, tizala take titakulunga chala changa. Pobadwa bambo ake ndinali kutali ndi ntchito, ndinakawaona patapita masiku. Koma aka ndinakadikirira pakhonde la chipatala usiku wonse, osayang'anako wotchi. Zithunzi zija sindinafufute ngakhale chimodzi, ndigula foni ina basi.