Makampani awiri a intaneti pa rauta imodzi: mmene ndinalumikizira kuno ku Ulongue

Shopu yanga yosindikiza mapepala kuno ku Angónia imadalira intaneti, ndiye netiweki ikagwa kapena mamega akatha, ntchito yonse imaima. N'chifukwa chake ndinaganiza zokhala ndi makampani awiri nthawi imodzi.

Ndinagula rauta ya MikroTik ndi mamodemu awiri a 4G, ina ndinaikamo SIM ya Movitel, inayo ya Vodacom. Yoyamba ndinailumikiza pa doko la rauta la ether1, yachiwiri pa la ether2. Onse awiri anali a Huawei ndipo anabwera ndi adiresi yofanana, 192.168.8.1, choncho imodzi ndinaisinthira ku 192.168.9.1 kuti rauta izitha kuwasiyanitsa. Kenako ndinaika masquerade (lamulo loti makompyuta onse azituluka ndi adiresi ya dokolo) pa madoko onse awiri, zimenezi sizichedwetsa munthu.

Pofunika kudekha ndi pa ma route, njira zimene rauta imatumizira deta. Njira yaikulu yopita pa intaneti, ya 0.0.0.0/0, yodzera modemu yoyamba ndinaipatsa distance 1, yachiwiri distance 2 (ya nambala yaing'ono ndiyo imayamba kugwira ntchito), kuti yoyamba ikafa inzake inyamule katundu. Ambiri amangoyatsa check-gateway=ping, yomwe imagogoda kuti ione ngati njira ili moyo, n'kusamba m'manja. Koma abale, ping imeneyo ikugogoda pa modemu yomwe ili patebulo pomwepo, ndipo modemuyo imayankha bwinobwino ngakhale nsanja ya foni itazima. Rauta imangoti zonse zili bwino, kasitomala ali chiimire ndi fomu yake yosatumizika.

Ndiye ndinauza rauta kuti izifunsa kutali. Ndinamanga adiresi yakutali ya pa intaneti, 8.8.8.8, kuti izidzera modemu yoyamba yokha, 1.1.1.1 yachiwiri yokha, n'kuika maadiresi amenewa ngati ma gateway (zipata zotulukira) a njira zikuluzikulu zija. Akatswiri amati recursive routing. Chenjezo langa: adiresi mwaimanga chonchi musaidalirenso pa DNS (yosandutsa mayina a masamba kukhala maadiresi), chifukwa mzere wake ukafa nayonso yafa. Ine pa DNS ndinaika 9.9.9.9.

Mnyamata amene amandithandiza anafunsa, "Achimwene, ndiye liwiro liwirikiza?" Ayi ndithu. Fayilo imodzi imatsika kudzera mzere umodzi basi. Chimene mungachite ndi kugawa makompyuta pa mizere iwiriyo pogwiritsa ntchito lamulo logawa katundu lotchedwa PCC mu mangle, gawo la rauta loika zizindikiro pa deta. Ine ndinasankha src-address (kugawa potengera adiresi ya kompyuta), kuti kompyuta iliyonse ikhazikike pa mzere wake, poti masamba ena a banki akaona adiresi ya IP ikusinthasintha amakutulutsani. FastTrack, njira yachidule yothamangitsira deta, ndinaizimitsa, popeza imalambalala malamulo a mangle.

Poyesa sindinazule waya, chifukwa zimenezo rauta iliyonse imazizindikira. Ndinachotsa SIM m'modemu yoyamba n'kuiyatsanso yopanda kanthu. Ping inasowa kwa masekondi pafupifupi makumi awiri, kenako inabwerera kudzera mzere wachiwiri. Kuyimba kwa WhatsApp kumene kunali mkati kunadodoma pang'ono, koma masamba anatseguka titangowatsitsimutsa. Rauta ndi mamodemu onse ndinawaika pa UPS (batire yosunga magetsi) imodzi, poti magetsi akathima onse amazimira limodzi.