Kuwerenga masamba a injini ndi radar: pamene ndafika pa sabata yachisanu ndi chiwiri

Patha masabata asanu ndi awiri chiyambireni kuyesa kumvetsa, ndi tizipangizo tapatebulo, mmene radar ya asilikali imadziwira mtundu wa ndege imene ili kutali kwambiri moti maso sangaione. Sabata ino ndi imene kwa nthawi yoyamba ndawerenga masamba a fani yozungulira osaiyang'ana, choncho ndikulemba mmene zayendera tsatanetsatane wake asanayambe kuiwalika.

Radar wamba imanena kutalika kwa mtunda, mbali imene ndege ili ndiponso liwiro lake, koma sinena kuti ndegeyo ndi yotani kapena ndi ya yani. Kuyambira pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, asilikali akhala akudalira njira ya IFF yofunsa ndege ngati ndi mnzawo kapena mdani, imene masiku ano imatumiza funso pa 1030 MHz ndipo ndege yofunsidwayo imayankha pa 1090 MHz. Vuto lake ndi lakuti ndege ikapanda kuyankha bwino, wofunsayo sadziwa ngati ndi mdani kapena mnzake amene chipangizo chake chalephera. Pa 14 April 1994, kumpoto kwa Iraq, ndege ziwiri zankhondo za America za F-15 zinagwetsa mahelikopita awiri a Black Hawk a dziko lawo lomwe, zitawayesa mahelikopita a Iraq a Mi-24, ndipo anthu 26 anafa. Pa 3 July 1988 sitima yankhondo ya America ya USS Vincennes inagwetsa ndege ya anthu wamba ya Iran Air, ya mtundu wa Airbus A300, itaiyesa ndege yankhondo ya F-14, ndipo munafa anthu 290. Nkhani ziwirizi ndi zimene zinandichititsa kufuna kudziwa ngati pali njira yozindikirira ndege popanda kuidalira kuti idzitchule yokha.

Njirayo ilipo, ndipo akatswiri amaitcha jet engine modulation. Maziko ake ndi zimene Christian Doppler anafotokoza mu 1842, zakuti mafunde obwerera kuchokera pa chinthu choyenda amasintha frequency, yomwe ndi maulendo amene funde limabwereza pa sekondi, molingana ndi liwiro la chinthucho. Thupi la ndege limayenda pa liwiro limodzi, motero limabweza frequency imodzi, imene pa chithunzi cha ma frequency imaoneka ngati mzere umodzi waukulu. Koma mafunde ena amalowa m'kamwa mwa injini n'kukagunda masamba amene akuzungulira, ndipo nthawi iliyonse pamene tsamba lafika pamalo pamene panali linzake, injiniyo imaonekanso kwa radar monga inaonekera kale. Kubwerezabwereza kumeneku kumabala mizere ina mbali zonse ziwiri za mzere waukulu uja, yotalikirana ndi nambala imene imapezeka pochulukitsa chiwerengero cha masamba ndi maulendo amene shafiti imazungulira pa sekondi. Ndege za F-15C zinali ndi luso lotere pa nkhondo ya ku Gulf ya 1991, ndipo linkathandiza oyendetsa kuzindikira ndege zimene sanali kuziona.

Chipangizo changa chachikulu ndi kagawo kotchedwa HB100, kamene kawirikawiri kamagwira ntchito yozindikira kuyenda kwa anthu pafupi ndi zitseko ndi nyale. Kamatumiza mafunde a 10.525 GHz, otalika pafupifupi masentimita 2.85, ndipo chinthu choyenda mita imodzi pa sekondi molunjika kwa iko chimasintha mafundewo ndi mahertz pafupifupi 70. Ubwino wake ndi wakuti kamasakaniza kokha mafunde opita ndi obwerera n'kutulutsa kusiyana kwake, kumene kumagwera m'gulu la mawu amene khutu limamva. Motero ndinangomanga ampulifaya yokweza mphamvu ka 1,000, n'kuilumikiza ku kompyuta ngati maikolofoni. Ndimajambula mawuwo ndi pulogalamu ya Audacity, kenako ndimaphwanya zojambulazo mu Python ndi FFT, masamu olekanitsa ma frequency, kuti ndione mizere.

Masabata atatu oyambirira anapita polimbana ndi phokoso la magetsi, limene linkadzaza chithunzi chonse ndi mizere ya 50 Hz, 100 Hz ndi 150 Hz. Linachepa nditayamba kugwiritsa ntchito mabatire, kuzimitsa nyale ya chubu ndi kufupikitsa mawaya. Ndinapezanso kuti masamba apulasitiki sabweza mafunde okwanira, choncho ndinawamata ndi pepala la aluminiyamu.

Fani yoyamba inali ya kompyuta, ya masentimita 12, yokhala ndi masamba 7. Mafani otere ali ndi waya wachitatu umene umatulutsa zizindikiro ziwiri pa kuzungulira kulikonse, ndipo nditawerenga zizindikiro 40 pa sekondi ndinadziwa kuti ikuzungulira ka 20 pa sekondi, kapena kuti ka 1,200 pa mphindi. Masamu ankati mzere uyenera kuoneka pa 140 Hz, ndipo unaonekadi pomwepo, limodzi ndi anzake pa 280 Hz ndi 420 Hz. Ndinasangalala kwambiri usiku umenewo, koma kutacha ndinazindikira kuti ndinali ndisanazindikire chilichonse chokhudza faniyo, chifukwa yankho ndinali nalo kale. Nambala ya 140 ingachokere pa masamba 7 ozungulira ka 20, kapena 5 ozungulira ka 28, kapena 10 ozungulira ka 14. Radar ya pa ndege yankhondo ilibe waya wopita ku injini ya ndege inayo, ndipo liwiro la injini limasintha nthawi iliyonse woyendetsa akawonjezera kapena kuchepetsa moto. Mzere umodzi umangopereka zotsatira za kuchulukitsa, osaulula manambala awiri amene achulukitsidwa.

Yankho linali pachithunzi changa kuyambira tsiku loyamba, ine n'kumaliyesa zinyalala. Pakati pa mizere ikuluikulu panali timizere tating'ono tambirimbiri, ndipo ndinatha masiku angapo ndikulemba njira yotichotsera. Chimene chinandiimitsa n'chakuti nditatsitsa mphamvu ya magetsi opita ku fani, timizereto tinayandikirana, pamene phokoso la magetsi likanakhala pamalo ake osasuntha. Nditayeza mpata wa pakati pa kamzere ndi kanzake ndinapeza 20 Hz ndendende, yomwe ndi liwiro la shafiti. Chifukwa chake n'chosavuta munthu akachiona. Masamba akanakhala ofanana kotheratu, faniyo ikanadzibwereza ka 7 pa kuzungulira kumodzi, ndipo pakanaoneka mizere yotalikirana ndi 140 Hz yokha. Koma aluminiyamu amene ndinamata sanali wofanana pa tsamba lililonse, motero chithunzi chathunthu chimadzibwereza pokhapokha shafiti itamaliza ulendo wonse. Masamba a injini yeniyeni nawonso amasiyana pang'ono kapendekedwe ndi kaperepeseke, ndipo kusiyana kochepa kumeneko ndi kumene kumaulula liwiro la shafiti. Tikagawa 140 ndi 20 timapeza 7, popanda kufunsa waya uliwonse. Pofuna kutsimikiza, ndinawonjezera aluminiyamu pa tsamba limodzi, ndipo timizere tija tinakula pamene mizere ikuluikulu sinasinthe kwenikweni.

Kuyesa kwa sabata ino kunali kwa mafani atatu, a masamba 5, 7 ndi 9. Ndinapempha mnzanga kuti aziika imodzi kuseri kwa katoni, imene mafundewa amadutsa mosavuta, ndi kusankha yekha liwiro lake osandiuza. Ya masamba 7 ndi ya masamba 9 ndinazitchula molondola nthawi zonse, koma ya masamba 5 inandikanika, ndipo kukanika kumeneku ndi kumene kwandiphunzitsa zambiri. Faniyi siigwira liwiro limodzi, imakwera ndi kutsika pang'ono, ndipo popeza ndinkajambula kwa masekondi awiri, timizere tinafufutika n'kulowana. Nditafupikitsa nthawi kufika pa theka la sekondi tinaonekanso bwino, koma nditafupikitsa mopitirira tinasowanso, chifukwa kuti mizere yotalikirana ndi 20 Hz isiyanitsidwe pamafunika kuyang'ana kwa nthawi yoposa kuzungulira kumodzi, makamaka kangapo. Radar ya asilikali ili pakati pa zinthu ziwiri zomwezi, ndipo ili ndi vuto linanso, lakuti nthawi imene ikuyang'anitsitsa ndege imodzi siikufufuza mbali zina za mlengalenga.

Ndayamba kusonkhanitsa manambala a injini zenizeni kuti ndione kukula kwa kusiyana kwake. CFM56-7B ya Boeing 737-800 ili ndi masamba 24 kutsogolo, ndipo pa liwiro lake lonse la 5,175 pa mphindi mizere ingatalikirane ndi 2,070 Hz. Mbale wake CFM56-5B wa pa Airbus A320 ali ndi masamba 36, injini za LEAP zili ndi 18, pamene GE90-115B ya Boeing 777 ili ndi 22 ozungulira ka 2,355 pa mphindi, zimene zimapereka mahertz pafupifupi 863. Kuseri kwa masamba oyambirira kuli mabwalo ena a masamba okhala ndi chiwerengero chosiyana, ndipo mafunde amene afika kumeneko amabala mizere yawoyawo, kuphatikizapo ina yochokera pa kuwonkhetsa ndi kuchotsera manambala a mabwalo awiriwo. Apa ndi pamene chizindikiro cha injini chimalemera, popeza injini ziwiri zingafanane pa bwalo loyamba koma n'kusiyana pa lachiwiri.

Pali chinthu china chimene kachipangizo kanga kamandibisira, chifukwa kamatumiza mafunde mosalekeza pamene radar ya pa ndege imatumiza modukizadukiza. Ikatumiza kochepa pa sekondi, mizere ya pamwamba imapindikira pansi n'kuoneka pamalo olakwika. Ndinaziona ndekha pochepetsa zojambula zanga kufika pa zitsanzo 500 pa sekondi, pamene mzere wa 280 Hz unaoneka pa 220 Hz ndipo wa 420 Hz unatsikira pa 80 Hz. Nsonga za masamba a injini zikuluzikulu zimatha kuthamanga kuposa liwiro la mawu, choncho radar yofuna kuwerenga masamba imayenera kutumiza maulendo zikwi makumimakumi pa sekondi.

Njirayi imagwira ntchito pokhapokha radar ikuona mkati mwa injini, kutanthauza kuchokera kutsogolo kapena kumbuyo kwa ndege. Nditaika fani m'kati mwa paipi yachitsulo n'kumaitembenuza pang'onopang'ono, mizere inazilala mpaka kutheratu. Opanga ndege zozemba radar amadziwa bwino zimenezi. F-117 inali ndi sefa pakamwa pa injini, F-22 ndi F-35 zili ndi njira za mpweya zokhotakhota kuti masamba asaonekere kunja, ndipo F/A-18E/F ili ndi chotchinga patsogolo pa injini. Sefa ndinaiyesa ndi waya wa mabowo aang'ono kwambiri poyerekeza ndi masentimita 2.85, monga wa pachitseko cha microwave, ndipo mizere yonse inasowa pamene mphepo inkadutsabe. Paipi yokhota yokha sinathe kubisa fani, mizere inangofooka, chifukwa mafunde amagunda m'makoma achitsulo n'kukhota nawo limodzi. Apa ndinamvetsa chifukwa chake njira za mpweya za ndege zotere zimakutidwanso ndi zinthu zomwa mafunde.

Ngakhale ndikukondwera ndi zimene zatheka, ndikuona kuti mawu akuti radar imazindikira ndege amanena zoposa zimene zimachitika. Chimene imazindikira ndi injini, ndipo imatero poyerekeza mizere ndi kaundula wa injini zimene zinayezedwa kale, moti injini yosakhala m'kaundulamo siingatchulidwe. P-8 Poseidon, ndege ya asilikali yosaka sitima zapansi pamadzi, imagwiritsa ntchito injini za CFM56-7B monga 737-800 yonyamula anthu wamba. Injini ya F100 ili pa F-15 ndi pa F-16, ndipo ndege zimenezi zili m'manja mwa mayiko ambiri. Kwa ine, mizere imeneyi ndi mboni imodzi yofunika kumvedwa pamodzi ndi IFF, njira imene ndege ikutsata ndi zimene maso aona, ndipo sindingafune kuti moyo wa anthu ugamulidwe ndi iyo yokha.

Gawo lotsatira ndi la helikopita, limene landikopa chifukwa Black Hawk ili ndi masamba 4 pamwamba pamene Mi-24 ili ndi 5. Tsamba lalitali la helikopita limabweza mafunde mwamphamvu kwa kamphindi kochepa pamene layang'anizana ndi radar mopingasa, ngati galasi lothwanima padzuwa. Masamba akakhala 4, limene likubwera ndi limene likupita amathwanima nthawi imodzi, koma akakhala 5 amathwanima mosinthanasinthana. HB100 singathe kusiyanitsa chobwera ndi chopita chifukwa ili ndi potulukira pamodzi, choncho ndikufunika kagawo ka 24 GHz kotulutsa zizindikiro ziwiri za I ndi Q, zimene ndidzalowetse ku njira za mawu za kumanzere ndi za kumanja za kompyuta. Pa frequency imeneyo mita imodzi pa sekondi imapereka mahertz pafupifupi 160, motero ampulifaya iyenera kumangidwanso, ndipo ikhale iwiri yofanana. Ndadula kale timapale ta aluminiyamu 9 totalika mofanana, ndipo chatsala ndi kuboola mabwalo awiri apakati, limodzi la mabowo 4 ndi lina la mabowo 5, kuti ndiziwasinthanitsa pa mota imodzi.