Buku lija latuluka: zikomo nonse amene munandibwereka makutu

Abale ndi alongo, buku lija latuluka. Makatoni afika kuchokera kosindikiza ndipo pano ali pabalaza, ana akuwakhalira ngati mipando. Pachikuto pali dzina langa lokha chifukwa ndi mmene mabuku amakhalira, koma anthu amene anaigwira ntchitoyi ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo sadziwa n'komwe kuti anaigwira. N'chifukwa chake ndati ndithokoze pagulu.

Ndiyambe ndi amayi anzanga amene tinali nawo pamalo ogona magadiyani pomwe mayi anga anagonekedwa m'chipatala. Amene munadwazikapo matenda mukuwadziwa malo aja: utsi wa nkhuni zogula, mafuwa obwerekana, zitenje zoyanikidwa pa mpanda, aliyense khutu lili kuwodi. Kumeneko ndinakumana ndi amayi a ku Mulanje, a ku Nsanje, a ku Mangochi, a ku Ntcheu, aliyense ndi Chichewa chake chokhala ndi kafungo ka kwawo. Ine ndinali nditanyamula kope la nthano imene ndinali nditayamba kale, ndipo usiku ndikaliwerenga ndinkamva kuti ampangankhani anga sakuyankhula ngati anthu amene ndagona nawo pamkeka umodzi.

Ili ndi vuto la ambiri a ife olemba m'Chichewa. Tinaphunzira kulemba pokonzekera mayeso a MSCE, ndiye munthu aliyense m'nkhani zathu amayankhula ngati akulemba chimangirizo, chiganizo chilichonse chathunthu, ndime iliyonse ndi mwambi wake. Anthu enieni satero. Mayi amene wangouzidwa kumene kuti mwana wake watisiya sanena kuti ali ndi chisoni chachikulu. Amafunsa kuti poto uja anabwereka am'bweza ndani kwa mwini wake. Uthenga woipa anthu amauzungulira, amayamba ndi za mvula, za mtengo wa chimanga, kenaka n'kuugwetsa mwachidule. Mwambi umabwera mwa apo ndi apo, ndipo kawirikawiri amangounena theka, womvera n'kumaliza yekha mumtima. Zimenezi sindinaziphunzire m'kalasi. Amayi inu, sindinabe nkhani ya munthu aliyense, ndipo palibe dzina lanu m'bukuli, koma mayankhulidwe a anthu onse a m'menemo ndi anu. Kulikonse kumene muli, Mulungu akudalitseni.

Mayi anga anachira, ndipo ndi iwo amene anasanduka mkonzi wanga woyamba. Maso awo saonanso bwino zilembo, choncho madzulo tikatha kudya ndinkawawerengera mokweza zimene ndalemba tsikulo. Sanandiuzepo kuti apa pali bwino kapena apa palakwika. Iwo ankangosinza. Ndikaona mutu wayamba kugwa, ndinkaika kachizindikiro m'mphepete mwa tsamba, m'mawa n'kudula pamenepo. Pamene adzuka n'kufunsa kuti ndiye mtsikana uja anapita kuti, ndinkadziwa kuti apo nkhani yagwira. Mutu wathunthu umene ndinkaunyadira kwambiri unachoka m'bukuli chifukwa cha tulo ta mayi. Amayi, zikomo, ngakhale mpaka lero mumakana kuti munkagona.

Zikomo kwa bambo a kunyumba ndi ana. Ine ndimalemba m'bandakucha, nyumba isanadzuke, chifukwa dzuwa likangotuluka nthawi si yanganso. Ndimasiya dala nkhani ili pakati, munthu atagwira chitseko koma asanatsegule, kuti mawa lake ndisavutike poyambira. Chizolowezi chimenechi chimatanthauza kuti madzulo ndimagona msanga, ndipo ntchito zina zinkagwera inu. Simunadandaule pamaso panga.

Gawo lalikulu la bukuli ndinalilemba mu 2022, chaka chimene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130. Mukukumbukira mmene mdima unalili. Ndinabwerera ku kope ndi cholembera, kenaka n'kumatayipa pafoni ndi zala ziwiri. Pali mnyamata wina wometa tsitsi pamsika wa kwathu amene ali ndi sola. Ankanditchajira foni, ndipo atamva kuti ndikulemba buku anasiya kundilipiritsa. Achimwene, buku lanu ndasunga, ndibwera nalo ndekha.

Kwa aphunzitsi anga a Chichewa amene anapuma pantchito, omwe anawerenga zonse ndi cholembera chofiira: tinakangana, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha mkanganowo. Iwo anagwira malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990 ndi mtanthauziramawu wa a Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo sanalole ngakhale nkhodolero imodzi kusochera. Pomwe tinasiyana ndi pa anyamata a pa depoti a m'nkhaniyi. Iwo ankafuna kuti anyamatawo aziyankhula Chichewa cha m'buku, ine ndinakana, chifukwa woitanira minibasi woyankhula choncho sanabadwe. Tinagwirizana kuti wofotokoza nkhani atsate malamulo onse, koma ampangankhani ayankhule mmene pakamwa pawo pamayendera. Ndikuganizabe kuti ndi mmene ziyenera kukhalira, ndipo ndikudziwa kuti aphunzitsi sanakhutire kwenikweni.

Anzanga a pagulu lathu la olemba la pa WhatsApp, ndi ena amene tinadziwana kudzera ku Malawi Writers Union, zikomo chifukwa chosandinyengerera. Mnzako wongoti "zili bho" sakuthandiza. Mmodzi wa inu anandifunsa kuti mpangankhani wamkulu akufuna chiyani kwenikweni, ndipo ndinakhala sabata yonse ndilibe yankho. Nditalipeza, theka lachiwiri la bukuli linadzilongosola lokha.

Za ndalama ndisachulutse, koma ndizinene. Ndinali nditasonkhanitsa zokwanira kusindikiza pomwe mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho mtengo umene ndinauzidwa poyamba unasanduka nthano nawonso. Ndinatsala pang'ono kuika zonse m'sutikesi. Amayi a banki m'khonde yathu anandibwereka ndalama pa chinthu chimene sichidyedwa ndiponso sichivalidwa, ndipo sanandiseke, kapena ngati anaseka anadikira nditachoka. Alamu anga ku Johannesburg anatumiza gawo lina. Ndipo inu amene munalipiriratu pa Mpamba ndi Airtel Money buku lomwe linali lisanakhaleko, n'kudikira miyezi yonseyi osandifunsa mwaukali, ndinu amene mwalisindikiza.

Kwa achinyamata amene mwakhala mukundifunsa kuinbox kuti zimayenda bwanji: nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo lamulo limafuna kuti buku likasindikizidwa mukasiyeko kope komweko. Pitaninso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za olemba ndi aluso ena, kuti ntchito yanu idziwike kuti ndi yanu. Koma zimenezi ndi za kumapeto. Ambiri amene mumandifunsa za chikuto ndi mtengo simunamalize mutu wachiwiri. Malizani kaye, ndipo muwerengere mokweza munthu amene sakuopani.

Amene munalipira kale, ndiyamba kutumiza mabuku anu Lolemba. A ku Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, mabuku anu abwera pa basi, ndikuimbirani foni akanyamuka. A muno mu Blantyre tikumana, ndilengeza malo ndi tsiku pompano. Ndapatulanso ochepa oti ndikasiye pamalo a magadiyani paja, kuti amene amatha kuwerenga aziwerengera anzawo podikira nthawi yoona odwala. Mukawerenga n'kupeza pamene munthu wa m'nkhanimo wayankhula zosamveka ngati za kwanu, mundiuze tsamba lake, chifukwa buku lachiwiri ndaliyamba kale.